Konkire yodzing'amba yokha

Msewu wa konkire ukang'ambika timafulumira kuloza chala malole olemera. Koma pali ming'alu ina imene imayambira m'kati, ngakhale pasadutse galimoto.

Mu simenti muli alkali, ndiye kuti sodium ndi potassium. Miyala ina yosakanizira konkire, monga opal ndi chert, ili ndi silica yosachedwa kusungunuka. Ziwirizi zikakumana pali chinyezi zimapanga phala lonanda. Phalalo likamwa madzi limatupa, n'kuyamba kukankha konkire kuchokera m'kati pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, mpaka pamwamba pamaoneka ming'alu yolukanalukana ngati chigoba cha kamba. Mvula ikalowa m'ming'alumo, phala lija limatupanso kwambiri.

Injiniya Thomas Stanton ndiye adafotokoza vutoli mu 1940 atafufuza misewu ya ku California. Chimandipweteka mtima n'chakuti njira zopewera zidadziwika kalekale: kuyeza miyala isanathiridwe, kusankha simenti ya alkali yochepa, kapena kuthiramo phulusa la malasha lochokera kumalo opangira magetsi. Zonsezi zimachitika msewu usanamangidwe. Konkire ikangoyamba kutupa, kuiletsa kumavuta, ndipo kumata pamwamba sikuletsa zomwe zikuchitika pansi.