Za polowera galimoto pakhomo pathu ku Leicester

Okondedwa Achimwene,

 Kuno tilipo, kungoti chisanu chayamba, pofika 4 koloko madzulo kumakhala kutada kale.

Ndalama ya mwezi uno ndatumiza yochepa, ndiye ndati mumve kwa ine ndemwe chifukwa chake. Paja ndinagula kagalimoto koyendera kwa agogo omwe ndimawasamalira m'makomo mwawo. Pabwalo pathu pamakwana magalimoto awiri, koma polowera pake ndi pa imodzi yokha. Kuno pakati pa msewu ndi mpanda wa nyumba pamadutsa njira ya oyenda pansi, yokwererapo pang'ono, ndipo m'mphepete mwake anandandalikamo miyala ya konkire. Polowera galimoto miyalayo amaitsitsa kuti ifanane ndi msewu, eni ake amati dropped kerb. Ifeyo tikufuna kukulitsa pamenepo, poti ndikamalowa tayala limagunda mwala.

Kwathuko mukanangoitana mmisiri Loweruka, simenti matumba awiri, ntchito n'kutha. Kuno ayi. Njirayo ndi ya khonsolo ngakhale ili pakhomo pako penipeni. Lamulo la misewu la kuno la 1980, ndime 184, limalola khonsolo kubwera kudzakonza yokha ikaona kuti umakweza galimoto pomwe sanatsitse, ndalama zonse n'kulipira iwe. Choncho tinalemba fomu, tinalipira ya kuyendera, ndipo anabwera bambo wina ndi tepi yake.

Anayamba ndi kuyeza bwalo kuchokera pakhoma la nyumba kufika pa mpanda. Makhonsolo ambiri amafuna mamita 4.8, kuti mbuyo ya galimoto isatulukire m'njira ya anthu. Kenako anayang'ana pholo la magetsi, mtengo wa mumsewu ndi zivundikiro za mapaipi. Pholo likanakhala pomwe tikufuna kukumbapo, kulisuntha tikanalipira tokha. Mwayi wina ndi wakuti kamsewu kathu si msewu waukulu, apo ayi tikanafunikanso chilolezo cha a mapulani. Atilola, koma okumba akhale kontirakitala wovomerezeka kugwira ntchito mumsewu, wa inshuwalansi yake, chifukwa pansi pa njirayo pamadutsa gasi, madzi ndi mawaya. Ayenera kukumba ndithu n'kuika maziko olimba oti asenze galimoto. Ndalama ikuthera pamenepo. Bwalonso, kuyambira 2008, ukafuna kuwaka malo oposa masikweya mita 5 kumaso kwa nyumba, uyenera kuyala zoti madzi a mvula azilowa pansi kapena azithera m'munda mwako, apo ayi uyenera kupempha chilolezo cha a mapulani.

Alamu anu amadandaula kuti zachuluka, koma ine ndili mbali ya khonsolo. Tsiku ndi tsiku ndimakankha agogo pa chikuku m'njira zimenezi. Pomwe wina anatsitsa mwachisawawa, chikuku chimapendekera kumsewu, gogo n'kugwiritsa manja, mantha ali m'maso. Pomwe galimoto yatsekereza njira, timatsikira mumsewu momwe mukuthamanga mabasi. Zimandiwawa kwambiri, Achimwene, moti sindingafune kuti pakhomo panga pakhale potero.

Ndinakalankhulanso ndi mayi woyandikana nafe tisanalembe fomu. Kuimika galimoto kutseka polowera pa mnzako ndi mlandu wa chindapusa, ndiye ife tikakulitsa, malo amodzi oimikapo mumsewu atha, ndipo mwana wawo amaima pomwepo akabwera kudzawaona. Tagwirizana kuti masana ine ndikakhala kuntchito aziima pabwalo pathu.

Tsono za poloti yathu ku Area 49: amisiri akafika pa geti, chonde aike lalikulu loti lole ya mchenga izilowa, ndipo ngalande ya kumsewu asaikwirire. Aike kalavati wautali kuposa getilo, madzi a Januwale azidutsa osalowa kwa anzathu akumunsi. Ya kalavatiyo nditumiza mwezi wamawa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndiimba Lamulungu akaweruka ku tchalitchi.

Ine mlongo wanu