Mphindi 25 pa phiri la Paarl

Achemwali anga, amene ndi namwino ku Durban, anakhala akusonkha ndalama chaka chathunthu kuti akadzakwanitsa zaka 50 tidzakwere sitima yapamadzi ya alendo. Ine ndinavomera monyinyirika chifukwa ndinali ndi ntchito yosamaliza m'chikwama, ndondomeko yochongera zimangirizo imene ndinkalembera aphunzitsi a Chichewa ndi Chinyanja, yoti ndikapereke sabata yotsatira. "Udzalembera momwemo," anatero achemwali. "Madzi saletsa munthu kugwira cholembera."

Sitima inaima tsiku limodzi pa doko la Cape Town. Usiku wake anatipatsa pepala la maulendo oti tisankhepo, ndipo m'munsi mwake munali chenjezo lakuti aliyense akhale atabwerera 5 koloko isanakwane. Sitima imadikira mabasi ake okha. Wochoka pagulu n'kuchedwa adziwonera yekha njira yokafikira ku doko lotsatira. Tinasankha ulendo wa ku Paarl, tawuni yakale ya kumtunda, pafupifupi makilomita 60 kuchokera ku doko potsata msewu wa N1. Achemwali ankafuna kukalawa vinyo. Ine ndinkafuna kukaona chipilala chimene ndinali nditachiwerenga kalekale ndikuchita digiri yachiwiri, chipilala chomangidwa polemekeza chiyankhulo cha Afrikaans.

Ndisabise, chiyankhulo chimenechi sindinkachikonda. Bambo anga anapita ku Joni kudzera mwa Wenela ine ndisanabadwe, ndipo anabwerako pamene boma linaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown ya mu 1974. Anabwera ndi wailesi, bulangete lolemera ndi mawu angapo. Mawuwo ankatuluka akakwiya basi: "basopu" kwa ife ana, "futseki" kwa galu wolowa m'khitchini, nthawi zina kwa munthu. Choncho m'makutu mwanga Afrikaans inali chiyankhulo cha kapitawo, chokalipira ndi kupirikitsira. Nditakula n'kuwerenga za ana a ku Soweto, ndinangoti eya, ndinadziwa kale.

Wotiperekeza m'basi anali mayi wa zaka za m'ma 50, wa gulu la anthu amene kumeneko amawatcha Coloured. Pa maikolofoni ankayankhula Chingerezi chosalala. Akazimitsa, ankacheza ndi dalaivala mu Afrikaans yothamanga, yokwera ndi kutsika ngati nyimbo, mawu a Chingerezi akulowamo mwaufulu. Kenaka azungu awiri a ku Pretoria amene anakhala kutsogolo anawafunsa funso mu Afrikaans, ndipo pakamwa pa mayiwo panatuluka chinthu china: mawu odekha, otchulidwa bwinobwino mpaka kumapeto, ngati malaya ositidwa. Afrikaans sindiimva, koma khutu lozolowera ntchito yathuyi silingaphonye kusintha kotero. Titaima pogula madzi ndinawafunsa. Anaseka.

"Mwamva eti? Chimenecho ndi cha kusukulu ndi kutchalitchi. Chinacho ndi cha amayi anga."

Cha amayi awocho chimatchedwa Kaaps. Anandionetsa kuseri kwa dzanja lawo n'kunena kuti mphunzitsi wawo wa kupulayimale ankawamenya ndi rula pamenepo akachiyankhula m'kalasi. Ananena akusekabe, kenaka anawomba m'manja kuti tikwere basi.

Paarl ili m'chigwa cha mtsinje wa Berg, m'tsinde mwa phiri limene pamwamba pake pali matanthwe aakulu, osalala, obulungira. Mu 1657 Mdatchi wina, Abraham Gabbema, anaona matanthwewo akunyezimira mvula itangokata ndipo anawafanizira ndi ngale. Dzina la tawuniyi linachokera pamenepo. Mayi aja anawonjeza kuti Akhoi, amene ankadyetsa ng'ombe m'chigwamo kale Mdatchiyo asanafike, ankaliona phirilo ngati kamba. Minda inayamba kugawidwa kwa azungu mu 1687, ndipo chaka chotsatira kunafika Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo kwawo. Msewu waukulu wa tawuniyi ndi wautali makilomita oposa 10, mitengo ikuluikulu mbali zonse, nyumba zoyera za makoma ochindikala, ndi tchalitchi chofolera ndi udzu cha mu 1805. Zonsezi tinaziona pa zenera, basi ikuyenda. Ndi mmene maulendo a sitima amakhalira: umapatsidwa zaka 300 za mbiri pa mbale yaing'ono, n'kukulanda mbaleyo usanamalize.

Pa chipilala anatipatsa mphindi 25.

Chili pa msana wa phiri, ndipo kukacha bwino umaona minda ya mpesa mpaka phiri la Table kutali. Anachikonza ndi katswiri wa zomangamanga Jan van Wijk ndipo chinatsegulidwa pa 10 October 1975. Ukamakwera masitepe, kumanzere kuli nsanamira zitatu zosongoka zoimira ziyankhulo za ku Ulaya. Kumanja kuli timilu titatu tobulungira, tofanana ndi zulu zazing'ono, toimira ziyankhulo za muno mu Africa. Pakati pa masitepe pali kakhoma kafupi koimira Chimalayi, chiyankhulo cha akapolo ambiri amene anabweretsedwa kuchokera kum'mawa. Mizere yochokera mbali ziwirizi imakumana n'kukwera kukhala nsanamira yaikulu ya mamita 57, yomwe ndi Afrikaans imene. M'kati mwake ndi mwamphako. Pansi pali madzi, pamwamba pali potseguka polowera kuwala. Ndinaima m'menemo n'kuyang'ana kumwamba, ndipo ndivomere kuti khungu linachita tsembwe. Ndi chinthu chokongola, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa pang'ono.

Nditatuluka ndinaima n'kuyerekeza misinkhu. Nsanamira za ku Ulaya uyenera kupendeketsa khosi kuti uone nsonga. Timilu ta Africa, ana awiri a m'basi mwathu anali atakwerapo kale akujambulitsa. Kakhoma ka akapolo ambiri anakadutsa osakaona. Komatu Afrikaans inaphikidwa m'makhitchini, m'minda ndi m'misika ya ku Cape, pakamwa pa akapolo, Akhoi ndi abwana awo pofuna kumvana, ndipo kwa nthawi yaitali ophunzira ankainyoza kuti ndi chiyankhulo cha kukhitchini. Ena mwa oyamba kuilemba anali Asilamu a ku Cape Town, amene ankagwiritsa ntchito zilembo za Chiarabu m'madarasa mwawo. Buku la chiphunzitso la Abu Bakr Effendi linasindikizidwa ku Istanbul mu 1877 ndi zilembo zimenezo. Mpaka lero, oposa theka la anthu amene Afrikaans ndi chiyankhulo chawo cha pakhomo si azungu. Omanga chipilala sanakane zimenezi kotheratu, ndipo mu 1975 ngakhale timilu timeneto tinali kuvomereza kwina ndithu. Anangoyeza msinkhu wa aliyense ndi muyeso wawo.

Chifukwa chake chipilalachi chili ku Paarl ndi ichi. Pa 14 August 1875 amuna asanu ndi atatu anakumana m'nyumba ya Gideon Malherbe m'tawunimo n'kuyambitsa bungwe la Genootskap van Regte Afrikaners, mtsogoleri wawo m'busa wachinyamata S. J. du Toit. Nthawi imeneyo kutchalitchi kunali Chidatchi, kusukulu ndi kuboma Chingerezi, ndipo chimene anthu ankayankhula pakhomo chinalibe malo. Amuna amenewa anati adzalemba mmene amayankhulira, ndipo mu January 1876 anatulutsa nyuzipepala yawo, Die Afrikaanse Patriot. Aphunzitsi anzanga, ndani mwa ife sangawawombere m'manja pamenepa? Ndi nkhondo yomweyi imene timamenyera ziyankhulo zathu. Koma tsatirani zaka. Mu 1925 Afrikaans inakhala chiyankhulo cha boma, ndipo imene inalowa m'mabuku inali ya gulu limodzi, yoyeretsedwa ndi kuyandikizidwa ku Chidatchi. Ya amayi ake a wotiperekeza uja inatsala panja, ikudikira rula. Ndiyeno patangopita miyezi isanu ndi itatu chipilala chitatsegulidwa, pa 16 June 1976, ana a ku Soweto anatuluka m'makalasi kukana kuphunzira masamu ndi maphunziro ena mu Afrikaans, ndipo apolisi anawawombera. Onyozedwa a mu 1875 anabereka okakamiza a mu 1976.

Nyumba ya Malherbe lero ndi malo osungiramo mbiri ya chiyankhulochi, koma sinali pa ndandanda wathu. Ndinapempha kuti anditsitse, ndidzawapeza kutsogolo. Mayi aja anapukusa mutu n'kuloza wotchi. Achemwali anandigwira mkono: "Iwe, ndalama zanga zisathere pa iwe kukusaka ku Namibia." Ndinakhala pansi. Ku munda wa mpesa kumene tinapita anatipatsa maola awiri athunthu.

Kumeneko ndi kumene ndinamva Chichewa. Ndinkauza achemwali kuti vinyo wachitatuyo akununkha ngati thumba lonyowa, ndipo mnyamata wothira vinyo analephera kudzigwira, anaseka.

"Amama, ndinu a kumudzi?"

"Eya achimwene, kwathu ndi ku Dedza. Nanga inu?"

Anali wa ku Mzimba, ndipo anali atakhala m'dera limeneli zaka zisanu ndi chimodzi. Ankayankhula Chichewa chabwino, koma cha m'kalasi, ndipo nditamuyamikira anayankha kuti, "Ndi cha kusukulu chimenechi, amama. Kunyumba n'Chitumbuka." Afrikaans anaiphunzira kwa anzake a m'munda, ndiye kuti ya mtundu wa dalaivala wathu uja, osati ya pa chipilala. Mwana wake wamkazi amaphunzira Chingerezi ndi Afrikaans kusukulu, amasewera mu Chixhosa ku Mbekweni kumene amakhala, ndipo agogo ake akaimba foni kuchokera ku Mzimba amangoyankha kuti "eya, eya" n'kubweza foni. Anaitanidwa pa tebulo lina nkhani isanathe.

Mawu ake akuti "cha kusukulu" anali omwe aja a mayi wotiperekeza, koma ulendo uno chiyankhulo cha kusukulucho chinali changa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cholamula ku Malawi unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Pa wailesi chinadzabwerera mu 1994. Ife a ku Dedza sitinamve kupweteka kulikonse, chifukwa zimene tinkayankhula pa mtondo zinali pafupi ndi za m'buku. Ndipo za m'bukuzo zili ndi ulusi wofika ku Cape komwe kuno: amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma anali a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, ndipo mmishoni wina wa mpingo womwewo, W. H. Murray, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Sindikunena kuti mbiri ya Chichewa ndi ya Afrikaans n'zofanana. Palibe mwana anawomberedwa ndi mfuti chifukwa chokana Chichewa. Koma rula ija ndikuidziwa. Ndinaiona m'manja mwa aphunzitsi anga, ndipo m'zaka zanga zoyamba za uphunzitsi ndinali ndi yangayanga, ya inki yofiira.

M'basi pobwerera ndinatulutsa ndondomeko ija. Pa tsamba lachitatu panali bokosi limene ndinalitcha "Zolakwa za chiyankhulo", ndipo m'munsi mwake ndinandandalika zitsanzo. Mwana wa ku Lusaka wolemba kuti "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", kapena "nili na njala". Mwana wa ku Tete kapena ku Niassa wolowetsa mawu obwereka ku Chipwitikizi. Pambali pa chilichonse ndinalemba kuti achotsedwe theka la malikisi. M'bokosi lomwelo, mosasiyanitsa, munalinso chiganizo chopanda mneni ndi ndime yosamveka mutu wake. Ndinali nditaika mwana amene sadziwa kumanga ganizo ndi mwana amene walemba mmene amayi ake amayankhulira pa sikelo imodzi.

Sindinatembenuke mtima n'kuyamba kudana ndi Chichewa cha m'mabuku. Chimafunika. Popanda icho, phunziro ngati lino silingawerengedwe ku Chipata, ku Lichinga ndi ku Zomba nthawi imodzi, ndipo mwana amene sitimuphunzitsa kalembedwe kovomerezeka timamutsekera chitseko cha mayeso ndi cha ntchito, ife titadutsa kale. Mayi wotiperekeza uja amadya chifukwa ali ndi ziyankhulo zonse ziwiri pakamwa. Funso limene linandivuta pa N1 linali lakuti kodi kunali kofunika kuti chachiwiricho achilandire kudzera kuseri kwa dzanja.

Pafupi ndi mzinda magalimoto anathithikana. Dalaivala anatulutsa mawu amene ndinawazindikira nthawi yomweyo, amodzi mwa a bambo anga aja, ndipo achemwali ndi ine tinayang'anana n'kuphulika kuseka mpaka azungu a ku Pretoria anatembenuka. Tinafika pa doko kutatsala mphindi 10. Mabotolo awiri amene achemwali anagula anawasunga pa chipata cha sitima kuti adzawabwezere tsiku lotsika, ndipo anadandaula za zimenezo mpaka pa chakudya chamadzulo.

Usiku umenewo, sitima ikugwedezeka kulowera ku Walvis Bay, ndinadula bokosi lija pawiri. Mbali imodzi ndinasiyako zimene zimasokoneza tanthauzo, ndi malikisi ake ochotsa. Mbali inayo ndinaitcha "Mayankhulidwe a kwawo kwa mwana", n'kulemba kuti mphunzitsi alembe pambali mmene buku limanenera, amuuze mwanayo kuti ndi liti pamene buku limafunika, ndipo asachotse malikisi pa zolemba zoyamba. Amene anandipatsa ntchitoyo anabweza tsambalo ndi funso lomveka: nanga ochonga mayeso 200 adzagwirizana bwanji kuti ichi n'cha kwawo kwa mwana, ichi n'cholakwa? Tsambalo lapita ndi kubwera katatu tsopano, ndipo pamene ndikulemba pano lili pa desiki panga, m'mphepete muli ndemanga za anthu anayi.