Pamene Tonse Tinakhala Chete

M'mwezi wa Seputembala 2017 mbiri ya anamapopa inafala m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Kuno ku Nkando tinali kugona panja m'magulu, ndipo mlendo aliyense tinali kumuyang'ana ndi diso loipa. Anthu osalakwa anaphedwa m'maboma athu ano, kufikira bungwe la United Nations linachotsako antchito ake.

Ife akulu a mpingo sitinaponye mwala, komanso sitinadzudzule. Tinaopa kuti wotsutsa mbiriyo adzamuyesa mnzao wa anamapopa. Tsiku lina mwana wa Sitandade 6 anatifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi inu munamuonapo namapopa?" Tinagwidwa manyazi, pakuti sitinamuonepo, chikhalirecho tinali kulondera pamodzi ndi onse.

Makolo athu anatiphunzitsa kuti mlendo ndi mame, ayenera kulandiridwa bwino. Mwambo umenewu tinautaya msanga chifukwa cha mantha. Kuchuluka kwa anthu sikusandutsa choipa kukhala chabwino, monga atichenjezera Eksodo 23:2.

Makolo anzathu, tiphunzitse ana kufunsa umboni asanaweruze munthu. Inu achinyamata, khamu likadzatola miyala, mudzakane ndi kulankhula, ngakhale mutakhala nokha.