Njinga ya Magetsi M'tinjira ta Kunyanja

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota adziwa kuti mdani wa njinga ndiye mchenga. Pa msewu wa M5 njinga yakapalasa imathamanga ngati mwera, koma mukangopatukira m'tinjira ta ku Chia matayala amatitimira, ndipo mwini wake amatsika nayamba kukankha, thukuta lili kamukamu.

Pa tchuthi chapitachi amalume anandibwereka njinga ya magetsi imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Ndi yopepuka ndithu. Ili ndi batire pa felemu ndi kamota m'kati mwa gudumu la kumbuyo. Munthu akapalasa pang'ono, kamotako kamamuwonjezera mphamvu. Nditaphwetsako matayala pang'ono kuti agwire mchenga, ndinadutsa m'minda ya chinangwa ndi m'mbali mwa madambo a mpunga osatsika ngakhale kamodzi.

Komatu mtima wanga sunali pa kukoma kwake ayi. Ndinaganizira amayi amene amasenza dengu la nsomba kuchokera kudooko, nafika kumsika zitayamba kale kununkha. Ndinaganiziranso wodwala amene amapita kuchipatala usiku pa kabaza, wopalasayo mwendo utatopa.

Chovuta ndi chimodzi: batire likatha liyenera kutchajidwa, pamene midzi yambiri kwathu ilibe magetsi. Dzuwa lokha ndilo tili nalo lochuluka. Tsono anzanga, tisamaodzere m'phunziro la sayansi. Kumudzi akudikira mwana amene adzadziwe kutchaja batire ndi sola, ndi kudzutsa kamota kakafa.