Funso la Mnyamata wa ku Biwi

Tsiku lina m'caka ca 2012 ndinali kuphunzitsa ana a sukulu yathu ku Biwi za cimbalangondo cakuda ca ku America. Ndinawauza kuti pofika nyengo yacisanu cirombo cimeneci cilowa m'phanga, nicigona miyezi yambiri osadya, osamwa madzi. Cacikazi ciswa ana ace momwemo, ndipo pofika March kapena April cituruka nao kukafuna msipu wanthete. Ndinatinso anthu ena a kumeneko asunga zirombozi m'mipanda, ndipo alendo amuka kukaona kuturuka kwace.

Pamenepo mnyamata wina anafunsa nati, "Aphunzitsi, nanga ca mumpandaco cikaturuka m'phanga, cipita kuti?" Ine ndinasowa poyankha.

Kwathu kuno kulibe zimbalangondo. Cifukwa cace m'mwezi wa June ndinatenga anawo kunka nao ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kuti tikaone nyama za mumpanda ndi maso athu. Kunali kuzizira ndithu. Titayembekeza nthawi, mkango waukazi, dzina lace Bella, unaturuka pobisala pace pang'onopang'ono, nugona pansi kuothera dzuwa. Unali ndi diso limodzi. Wotiperekeza anati unacokera ku Romania, kumene unakhala zaka m'khola lopanikiza, kufikira a Born Free anautengera kuno m'caka ca 2009. Kuthengo sukanatha kukhala, popeza sunaphunzire kusaka.

Tinaonanso apusi ndi anyani olanditsidwa kwa anthu owagulitsa m'miseu. Amenewa awasonkhanitsa m'magulu kuti azolowerane, ndipo ena anakawamasula ku nkhalango ya Kasungu.

Poona apusiwo mtima wanga unanditsutsa. Ndiri mwana ndinagula kamwana ka pusi, ndi kukamanga cingwe m'cuuno pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinakapatsa nthoci ndi nsima, ndi kudziyesa wacifundo. Koma m'mawa uliwonse kanaturuka m'bokosi mwace, nikathamanga kufikira pothera cingwe, nikagwa cagada. Cingweco cinadya m'thupi, ndipo dzinja lisanathe kanafa. Kufikira tsiku lija ku Lingadzi sindinaganizepo kuti ndinakapha ndine.

Pobwerera ndinaitana mnyamata uja, ndinati, "Mwanawe, yankho lako ndi ili: cipita kufikira pothera mpanda, nicibwerera." Ndinamuuzanso za pusi wanga, ngakhale ndinacita manyazi.

Abale owerenga, sinditsutsa osunga nyama zopunduka monga Bella. Iwo akonza cimene ena anaononga. Koma mukakomana ndi munthu pamseu ali ndi kapusi m'manja, dziwani kuti mace sanakapereke mwaufulu, ndipo ndalama yanu idzamtuma kuthengo kukagwira kena. Mwana akalirira, musamgulire.