ULENDO WA KU CHADIZA: NSALU YOUMITSA TSITSI

Munthu wocokera ku Chipata akatsata mseu wolowera kumwera, nayenda mtunda wa makilomita pafupi-fupi 80 pakati pa mapiri, madambo ndi minda ya cimanga, nshawa, soya ndi thonje, amafika pa boma la Chadiza. Ili ndi dziko la Acewa, lolamulidwa ndi mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala, amene onse amapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Kumwera kwake kuli malire a dziko la Mozambique, kumene magalimoto akulu-akulu opita ku Tete amaolokera pa cipata ca Chanida. Kum'mawa kuli Vubwi, dera limene linali mbali ya Chadiza kufikira m'caka ca 2012 pamene linakhala boma palokha. Pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Chadiza anapezeka kuti ndi opitirira 110,000, ndipo ambiri a iwo ndi alimi okhala m'midzi.

Alendo akabwerako ku dera lotere amakonda kusimba za mapiri, za magule ndi za mitengo ya mbeu pa msika. Ife tifuna kusimba za kanthu kamene maso amakaona tsiku ndi tsiku osakasamala, ndiko nsalu imene mai amakulunga kumutu atatsuka tsitsi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, dzuwa likakwera ndipo mame atauma, mudzaona azimai ndi atsikana akucokera ku dambo kapena ku mtsinje wa Nsadzu, ali pa mndandanda m'kanjira, zocapa ziri m'mabeseni, mutu wa ali yense uli wokulunga. Wina wamanga thaulo, wina citenje cakale cofewa, wina malaya amene mwana anawasiya. Nsalu imeneyi iri ndi luso lake ndi mbiri yake, komanso iri ndi zoopsa zimene banja liri lonse liyenera kuzidziwa.

Madzi ndiwo amalamula

Kumudzi munthu satsuka tsitsi pa nthawi iri yonse imene wafuna. Pa boma pali mipopi ya madzi ocokera ku damu la Nsadzu, koma m'midzi yambiri madzi amatungidwa pa mjigo, pa citsime kapena ku dambo, ndipo amafika panyumba ali pamutu pa mai. Madzi a m'cigubu ca malita 20 amalemera makilogalamu 20. Munthu amene wasenza katundu wotere mtunda wautali sangafulumire kuthira theka lake pa tsitsi, pamene mphika wa nsima, mbale ndi ana onse akudikira madzi omwewo. Cifukwa cake ambiri amasankha tsiku locapa. Amapita ndi zobvala kumene kuli madzi, nacapa, nayanika, ndipo potsiriza amasamba ndi kutsuka tsitsi asanabwerere kumudzi. Pa mjigo mwambo ngwosiyana, pakuti makomiti osamala madzi saloleza kusamba pafupi ndi potungira anthu. Madzi amatengedwa kukasambira m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba.

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene zitsime zosazama zimaphwa, mtunda umatalika ndipo tsitsi limayamba ladikira. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, cinafika ndi pa nkhani imeneyi pomwe. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuthima kwa maola ambiri, motero ngakhale eni masaluni a m'matauni, amene ali ndi makina oumitsira tsitsi, anabwerera ku thaulo ndi dzuwa monga amacitira amai ao kumudzi.

Kakulungidwe kake

Mtsikana amaphunzira kukulunga poonera amake ndi ambuye ake. Mai amawerama, nafinya madzi m'tsitsi ndi manja pang'ono-pang'ono. Kenaka amaika pakati pa nsalu pa nkhongo, nakokera mbali zonse ziwiri kutsogolo kufikira pamphumi, nazipota pamodzi. Poweramuka amabweza copotaco kumbuyo ndi kulowetsa nsonga yake pansi pa nsalu kukhosi. Palibe mfundo, palibe phini, koma nsalu imagwira zolimba, kotero kuti mwini akhoza kuika nkhata pamwamba pake, kusenza beseni ndi kuyenda mwana ali kumbuyo.

Azimai odziwa amangotsindika nsalu pa tsitsi, sapukuta mwamphamvu monga amapukutira mbale, ndipo nzeru imeneyi ndi yoona. Tsitsi likanyowa limamwa madzi, limatupa, nkukhala lofooka koposa louma. Tsitsi lathu lopotana limathyoka msanga pa makhota ake likakhulidwa ndi nsalu yokhakhala. Mai akaona tizidutswa ta tsitsi tatsalira pa thaulo asafulumire kuganizira anthu oipa, pakuti kawiri-kawiri ndi dzanja lake lomwe lacita zimenezo.

Mtundu wa nsalu nawo ndi wofunika. Ya thonje imamwa madzi, pamene ya nailoni ndi zinzake zonyezimira zimangowasunga pamutu. Citenje cakale ca thonje, cocapidwa kambiri kufikira kufewa, cimagwira nchito imeneyi bwino koposa thaulo latsopano lolimba. Ndipo nsalu ikakhuta madzi ndiye kuti yatsiriza nchito yake. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Pambuyo pake imasulidwe kuti mphepo ndi dzuwa zitsirize zotsala.

Akulu amati woyenda ndi mutu wonyowa m'mphepo ya mwera amadziitanira cimfine. A zaumoyo amatiphunzitsa kuti cimfine cimabwera ndi tizilombo topatsirana, osati ndi madzi a m'tsitsi. Komabe mutu wonyowa umataya kutentha kwa thupi msanga, ndipo kwa khanda kapena nkhalamba kuzizidwa kotere m'mawa wa Julayi si kwabwino. Pamenepa akulu ndi a cipatala akumana pa njira imodzi: khanda likasamba, mutu ndiwo uyambe kuumitsidwa.

Kumene inacokera

Makolo athu sanali kubvutika ndi zimenezi. Amuna ndi akazi omwe anali kusunga tsitsi lalifupi, lometa ndi lumo, lodzola mafuta a nsatsi, ndipo tsitsi lotere limauma lokha munthu asanafike pakhomo. Kumeta kunalinso ndi tanthauzo lake, pakuti anamfedwa amameta potsiriza maliro, ndipo namwali amametedwa pa cinamwali. Nsalu ya pamutu inabwera pambuyo, ndipo maina ake omwe amaulula kwao. Thaulo ndi liu locokera ku Cingerezi. Duku ndi doek wa m'cinenero ca Afrikaans ca ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a Cigawo ca Kum'mawa anapitako kukagwira nchito, ndiponso kumene kunacokera amishoni a mpingo wa Dutch Reformed amene anatsegula mishoni ya Nsadzu m'caka ca 1908. Ena amati mpango, ena citambala, ndipo kutsidya kwa Chanida citenje amacicha capulana, koma kamangidwe ka pamutu ndi kamodzi komweko.

Pamene atsikana anayamba kusunga tsitsi lalitali, kulimanga ndi ulusi wakuda, kuliluka mizere-mizere, ndipo masiku ano kulilumikiza ndi tsitsi logula m'sitolo, nchito ya nsalu inakula, pakuti tsitsi loluka limasunga madzi m'kati mwake kwa maola ambiri.

Codabwitsa ndi cakuti thonje lopangira mathaulo limamera m'minda ya Chadiza momwemo. Kale kampani ya Boma ya Lintco ndiyo inali kugula thonje kwa alimi, ndipo mafakitale a Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe anali kuomba nsalu za m'dziko lathu. Lintco inagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo Mulungushi inaima nchito mu 2007. Kucokera nthawi imeneyo thonje lambiri limangocotsedwa njere m'cigawo muno nkutumizidwa kunja, ndipo mathaulo ambiri opezeka pa msika ndi a m'mabelo a salaula kapena ocokera ku maiko akutali. Mlimi amene walima thonje caka conse akhoza kukhala ndi thaulo limodzi lokha m'nyumba mwake, ndipo apa ndipo pagona bvuto.

Thaulo limodzi pa banja lonse

M'nyumba yotere amayamba kupukuta atate, natsatira amai, kenaka ana mmodzi-mmodzi. Pofika kwa womaliza nsalu iri yonyowa ndi yofunda, ndipo malo otere ndiwo amakonda tizilombo ta zipere. Cipere ca kumutu, cija cimathothola tsitsi la mwana nkusiya kabwalo kotuwa, cimayenda ndi thaulo, cipeso, lumo, cisote ndi makina ometera, ndipo cimagwira makamaka ana a msinkhu wa ku pulaimale. Mankhwala odzola okha sacithetsa, pakuti tizilombo take timalowa m'kati mwa tsitsi kufikira ku mizu. Pamafunika mapiritsi a ku cipatala, monga griseofulvin, akumwa kwa masabata 6 kufikira 8 osalumpha. Cikalekereredwa cikhoza kutupa, kucita mafinya ndi kusiya dazi losameranso tsitsi, ndipo mwana wosekedwa ndi anzake amayamba kuzemba sukulu.

Nthenda ya maso yochedwa trachoma, imene ikabwereza-bwereza imapindira nsidze za cikope m'kati mwa diso ndi kucititsa khungu, nayonso imayenda ndi nsalu yopukutira kumaso, zala ndi nchenche. Nsalu imene yapukuta maso a manthongo a mwana mmodzi isapite kumaso kwa mnzake.

Za likodzo tinene mosabisa kuti thaulo siliteteza. Tizilombo take timacokera m'nkhono za m'madzi odekha a m'madamu ndi m'madambo, ndipo timalowa pakhungu munthu akali m'madzi momwemo, asanagwire nsalu. Madzi otungidwa m'malo otere amakhala abwino kusamba akawiritsidwa, kapena akakhala m'cidebe masiku awiri. Mwana wokodza magazi apite naye ku cipatala, kumene kuli mankhwala a praziquantel.

Kayanikidwe nako nkofunika. Pali nchenche ina, yoculuka m'nyengo ya mvula, imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa yoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo amaswa mphutsi zolowa pakhungu nkucita cithupsa. Cingwe ca padzuwa ndi nsimbi ya makala ndizo zithetsa bvutoli. Ndipo kugona usiku mutu uli m'nsalu yonyowa, makamaka kwa oluka tsitsi, kumabweretsa fungo, kuyabwa ndi mfundu. Tsitsi litsukidwe dzuwa likalipo, kuti pofika madzulo likhale litauma kufikira pansi.

Ulemu wa duku

Thaulo la pamutu ndi la m'njira ya pakati pa madzi ndi nyumba basi. Mai wa ku Chadiza saonekera nalo pamaso pa apongozi, pa bwalo la mfumu, pa maliro kapena m'chalichi. Kumeneko amabvala duku louma lomangidwa bwino, ndipo cobvala ca azimai a Cigwirizano sicikwana popanda nsalu ya kumutu. Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, umene unayambanso kucitika mu 1984, azimai a Chadiza amakhala pamodzi ndi Acewa anzao a ku Malawi ndi ku Mozambique, maduku a mitundu-mitundu atadzaza bwalo. Pansi pa duku liri lonse pali tsitsi limene linatsukidwa, kuumitsidwa ndi kulukidwa masiku angapo m'mbuyomo.

Tsono inu atate ndi amai, miyezi yozizira ndiyonso imene thonje, soya ndi nshawa zimagulitsidwa. Polemba zofunika kugula, pamodzi ndi feteleza, mcere ndi mabuku a ku sukulu, lembaninso sopo ndi kansalu kopukutira ka mwana ali yense. Ngati ndalama sizikwana, citenje cakale ca thonje cing'ambidwe panai, m'mphepete mwake mupindidwe ndi singano, ndipo cidutswa ciri conse cisokeredwe ulusi wa mtundu wake-wake kuti mwana adziwe cake. Cicapidwe ndi sopo kawiri-kawiri ndi kuyanikidwa pa cingwe padzuwa. Mwana wa cipere asasekedwe, asabisidwenso m'cisote. Apite naye ku cipatala capafupi, ndipo abale ake aonedwe m'mitu tsiku lomwelo. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Motero aphunzitsi, anyakwawa ndi azimai okumana pa citsime akaona kabwalo kotuwa pamutu pa mwana wa mnansi, auze makolo ake mwaulemu, nthendayo isanayende mudzi wonse.