Mfundo ya pa Chitenje cha Amayi

M'mawa uliwonse ndisanatseke chitseko ndimayamba ndasanthula chikwama changa: foni, chaja, makiyi, chiphaso cha unzika chimene tidalembetsa m'chaka cha 2017, kabotolo ka madzi, ndi tasbihi yokhala m'kathumba ka m'kati. Ndikaiwala foni ndimabwerera ngakhale nditafika kale pasiteji, pakuti m'menemo ndimo muli ndalama zanga, manambala a abale, ngakhalenso nthawi za Swala.

Amayi anga analibe chikwama. Ankapikula usipa wouma kugombe kwathu ku Nkhotakota n'kukagulitsa ku Salima, nthawi zina mpaka ku Lilongwe. Potuluka ankatenga zitenje ziwiri, chovala ndi chapadera. Chapaderacho chinkakhala nkhata posenza dengu, chofunda mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye, komanso choyala poswali nthawi ikawakwanira ali pamsika. Pansonga ya chitenje chovalacho pankakhala mfundo yolimba, ndipo m'mfundomo munkakhala ndalama imene sankaikhudza, malonda avute bwanji. Ankaitchula kuti yobwererera.

Ine mfundoyo ndinkaiseka. Tsiku lina ndikunyamuka kukayesa mwayi wa ntchito ku Lilongwe, adandiimitsa pakhomo, nagwira nsonga ya chitenje changa n'kumangapo ndalama ziwiri zapepala zopindapinda.

"Amayi, ndalama zili m'foni," ndidatero.

"Foniyo imadya moto, mwanangu. Mfundo sidya kanthu."

Pobwerera, minibasi yathu idafera panjira, ndipo tidafika pa Kamuzu Road ku Salima nthawi ya Isha itadutsa. Foni idali itazima, timisasa totapirapo ndalama tonse titatsekedwa. Kudatsala galimoto imodzi yokha yolowera ku Nkhotakota, ndipo kondakitala ankafuna ndalama yogwirika. Ndidali mkazi ndekha, usiku, pamalo pomwe ndinalibe mbale. Mfundo ija ndidaimasula ndi mano, manja akunjenjemera. Nditafika kunyumba ndidapeza Amayi ali maso pakhonde. Sadandifunse kanthu, adangoyang'ana nsonga ya chitenje yokwinyikayo, n'kulowa kukanditenthetsera ndiwo.

Kuyambira usiku umenewo ndidayamba kuona kuti katundu wa m'chikwama changa yense ndi wa ulendo wopita: wondilowetsa mu ofesi, wonditsimikizira kubanki, wondilumikiza ndi omwe ndikukakumana nawo. Amayi ankanyamuka akuganizira za madzulo. Ankadziwa kuti akapanda kubwera, ana anayi agona ndi njala, ndipo ankatuluka atakonzeratu njira yofikiranso pakhomo.

Amayi adatisiya dzinja lapitali. Ulendo wawo womaliza adatuluka m'nyumba ali m'nsanda yoyera, yopanda thumba, osanyamula kanthu kalikonse. Patapita masiku, tikupinda zovala zawo ndi azakhali, ndidapeza chitenje chawo chapamsika, mfundo ikadali pansonga. Ndidalira kuposa tsiku la maliro, ndikuti, "Azakhali, yobwererera aisiya."

Azakhali adandigwira dzanja nati, "Usatero, mwanangu. Ya ulendo uwu adaitsogoza kalekale. Funsa makomo a m'mudzi muno amene ankadya usipa wosalipira."

Ndalama ya m'mfundomo tidaipereka sadaka, koma chitenjecho ndidasunga. Nsonga yake sitambasuka ngakhale ndiisite kangati.

Sabata yatha mwana wanga wamkazi amanyamuka kupita kusukulu yogonera komweko. M'sutikesi mudali yunifomu, makope, sopo, chitsulo cha madzi pambali, ndi hijabu ziwiri zatsopano. Tili pakhomo, atanena kale Bismillah, ndidamuimitsa n'kugwira nsonga ya chitenje chake. Adandiyang'ana akumwetulira, kumwetulira kumene ndikukudziwa bwino chifukwa kudali kwanga. Sindidamufotokozere zambiri. Ndidangokoka mfundoyo kawiri kuti ilimbe, n'kumuuza kuti asaimasule pogula mandasi.